Ulalo wa kwathu: kodi midzi yoyandikana nayo izingowoloka ulere?

Mwana_wa_Kumtunda:
Akuluakulu a pa gulu pano, ndithandizeni nzeru, mwina mkwiyo ndi umene ukundilankhulitsa. Kwathu ndi kamudzi kakang'ono m'tsinde mwa phiri, mbali ya ku Muloza. Nyumba sizifika 40. Pakati pa ife ndi msewu pali mtsinje, ndipo ulalo umene unalipo unapita ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chiyambire timangoyalapo mitengo ya bulugama, mvula ikagwa yamphamvu kuphiri mitengoyo imapita, anyamata n'kukadulanso ina. Ana a m'mudzimo amene tili ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg tasonkha kangachepe kogulira simenti ndi zitsulo. Midzi iwiri yoyandikana nafe tinangoipempha manja, kututa mchenga ndi miyala basi, ndalama ayi. A kutsidya, kumene kuli sukulu ndi chigayo, ayankha kuti ofuna kuwoloka ndi ife, iwo kumtunda alibe nako ntchito. A kumunsi, amene dzana lomweli anali mudzi wathu womwewu, akuti ali ndi nyakwawa yawo, sangatumidwe ndi mfumu ya eni. Chonsecho manda a midzi itatu yonseyi ali mbali yathu. Anyamata kumudzi akuti tikamanga tiikepo chipata, wakunja azilipira, ndipo maliro awo akaapezere malo kwina. Ineyo mtima wina ukuvomera. Inu mukuti bwanji?

Kabaza_wa_pa_Limbuli:
Ikani chipata achimwene. Ulere unatha kalekale. Ife nthawi ya dzinja timalipira anyamata otiwolotsa njinga pamapewa, palibe anafa nazo.

Nachisale_Chitakale:
Za chipata kambiranani, koma za manda musayerekeze n'komwe. Tsiku limene mudzabweze bokosi pamtsinje, nkhani ya ulalo idzathera pomwepo, idzatsala ndi ya maliro amene munabweza. Ana anu adzakwatira kuti?

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwana wanga, ndifunse kaye, a kumunsiwo anapatuka liti? Ndikufunsa chifukwa ndaphunzitsa kwa Mabuka ndi kwa Njema mpaka kupuma, ndipo midzi yambiri imene ndinaipeza ili umodzi ndinaisiya ili itatu kapena inayi. Kugawikana kwenikweni kunabwera makuponi a feteleza atayamba mu 2005. Mayina ankalembedwa mudzi ndi mudzi, ndiye mbumba iliyonse imene inkaona kuti nyakwawa ikukondera a kuchimuna kapena a kuchikazi kwake inkathamangira kwa mfumu yaikulu kukapempha unyakwawa wawowawo. Lamulo la mafumu la 1967 limapatsa T/A mphamvu yoika anyakwawa ndi magulupu, choncho njira inalipo. Kenako pali mswahala, ngakhale anyakwawa atsopano ambiri sali pa mndandanda wolandira, amangodyera chindapusa cha pabwalo ndi mpando wa kutsogolo pa maliro. Tsono taonani: chimene chinagawikana ndi kaundula. Manda ndi omwewo, mjigo ndi womwewo, njira ya kumsika ndi yomweyo. Vuto limabwera pa zachitukuko, chifukwa kale mfumu imodzi ikamenya belu anthu onse ankatuluka ndi makasu, pano aliyense amafunsa kaye kuti belulo ndi la ndani. Nyakwawa yanu ikatuma mthenga kwa nyakwawa inzake, inayo imaona ngati akufuna kuibwezera pansi pa ulamuliro umene inathawa. Ndiye ikana, ngakhale mumtima ikudziwa kuti ulalowo ikuufuna.

Mwana_wa_Kumtunda:
Aphunzitsi mwalasa. Anapatuka nthawi ya makuponi yomweyo. Ndipo anyakwawa awiriwa agogo awo ndi amodzi.

Mlimi_wa_Thekerani:
Aphunzitsi ndikukulemekezani, koma musatipake tonse kuti tinapatuka chifukwa cha dyera. Kwathu kuno tinapatuka chifukwa mayi wamasiye ankalembedwa dzina chaka ndi chaka koma feteleza osamuona, uku mwana wa mfumu wa ku pulayimale ali ndi kuponi yake. Milandu ya malire a minda mbumba yathu sinkawinapo. Titapeza nyakwawa yathu zinthu zinasintha, mpaka lero mayina a olandira feteleza wotsika mtengo timawerenga poyera aliyense akumva. Anthu sapatuka popanda chilonda.

Mphunzitsi_Wopuma:
Sindikutsutsa bambo. Chilonda chinalipo m'midzi yambiri. Ndikungoti walira mvula walira matope. Wafuna ufumu wako, uvomerenso kuti gawo la mchenga lili pamutu pako ngati mudzi.

Chiperoni265:
Kkkk mudzi wa nyumba 12 uli ndi mfumu, nduna ziwiri, mlembi ndi wa mesenjala. Wotsala wolamulidwa ndi agogo amodzi ndi mbuzi.

Wakutsidya_Weniweni:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma mudzi ukunenedwawu ndaudziwa ndipo ine ndine wa kutsidyako. Achimwene a Kumtunda, nkhani mwaiyambira pakati. Sukulu imene mukuti ili kwathu ija, mdadada wa makalasi awiri watsopano njerwa zake anaumba ndani? Komiti ya sukulu inagawa nambala ya njerwa mudzi uliwonse. Ife tinakwanitsa, a kumunsi anakwanitsa theka, inu munabwera anthu owerengeka tsiku loyamba basi, kenako munati muli kotchola nanazi. Nkhuni zowotchera uvuni tinagula tokha. Lero ana anu akukhala m'makalasi omwewo, palibe anawaikira chipata. Mjigo wa pasukulu ukawonongeka timasonkha ndife, amayi a kwanu chilimwe amatunga pomwepo. Chachiwiri, makala amene amatsika usiku kupita pamsewu amachokera mudzi uti? Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kumtunda munamaliza, pano madzi amabwera ndi ukali, akugumula madimba athu. Ndiye mfumu yathu ikati ofuna kuwoloka ndi inu, sikuti ndi nkhanza. Ikukukumbutsani ngongole.

Kabaza_wa_pa_Limbuli:
Eee! Nkhani yatembenuka.

Mwana_wa_Kumtunda:
Achimwene a Kutsidya, chaka cha njerwacho n'chimene tinaika anthu atatu mwezi umodzi, inu nomwe munabwera kudzakhuza. Ndipo makala musanamizire ife tokha. Ogula matumba pamsewu paja, okhala ndi njinga zotengera ku Limbuli, ndi a kwanu. Wowotcha ndi wogula wolakwa ndani?

Wakutsidya_Weniweni:
Maliro anatha, njerwa sizinabwerebe.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, pitirizani koma pasapezeke wotchula dzina la mudzi kapena la mfumu. Wina anaika chithunzi cha nyumba ya anyakwawa, ndachotsa. Pano tikufuna nzeru, bwalo la milandu lili kumudzi.

Mkamwini_Wofatsa:
Ine ndiseke kaye. Inu mukukangana ngati a kumtunda ndi a kutsidya ndi mitundu iwiri. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi. Ndiye abambo ambiri amene mukuwatcha a kutsidya anabadwira kumtunda, ndipo akamuna a alongo anu kumtundako ndi ana a kutsidya. Ine sindine wa midzi imeneyo koma zanga n'chimodzimodzi: ndinabadwira tsidya lina, ndikulima munda wa apongozi tsidya lina. Kwa mkazi wanga ndine mkamwini, pamsonkhano ndimakhala kumbuyo. Ndikawoloka kupita kwa alongo anga ndine mwinimbumba, palibe ukwati kapena mlandu wa ana awo ungayende ine kulibe. Tsono pachipata chanucho ndizilipira ngati ndani? Ndipo ndikafa adzandinyamula kubwerera kwathu. Mudzauza adzukulu kuti bokosi ili ndi lakunja?

Nachisale_Chitakale:
Alamu mwanena zonse. Amayi enieni a midziyo afunsidwa? Chifukwa malo ndi awo, amunawa ndi odutsa.

Mdzukulu_wa_Manda:
Ndiyankhulepo ngati munthu wogwira khasu kumanda. Kwathu adzukulu timachokera midzi inayi ndipo mkulu wathu ndi mmodzi. Uthenga wa zovuta ukafika sitifunsa kuti nyakwawa yake ndi iti, timafunsa kuti mzere wa mbumba yawo uli pati. Chilango chilipo, inde. Munthu amene sabwera m'maliro a anzake, zikamugwera timakhala pansi kaye, makasu osagwira, mpaka apereke nkhuku kapena ndalama kwa mfumu. Koma chimenecho ndi chilango cha munthu mmodzi pa mlandu wa maliro. Kutseka manda chifukwa cha mchenga, palibe mfumu yaikulu ingavomere, ndipo nyakwawa yanu ikhoza kulandidwa nazo ufumu. Komanso mukati akapeze kwina, kwina kuti? Kuno malo ake ali kuti? Ifeyo pano tikukumba m'mipata ya manda akale.

Mwana_wa_Sapitwa:
Pamenepo pa malo m'pamene pagona nkhani yonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo. Chotsanipo phiri, chotsanipo minda ya tiyi imene inayamba m'zaka za m'ma 1890, muone kamene katsala. Makolo athu ambiri atabwera kuchokera ku Mozambique anafikira m'maesiteti ngati anthu a thangata, midzi inamera m'timipata totsala pakati pa tiyi ndi phiri. N'chifukwa chake midzi ya kuno ndi yothithikana, malire a mudzi ndi mzere wa nthochi kapena kanjira. Ku Mzimba mudzi ukapatuka umasamuka ndithu, anthu n'kukamanga patali. Kuno umapatuka anthu ali m'nyumba zomwezo. Mungatseke bwanji njira kwa munthu amene khonde lake likuyang'anana ndi lanu?

Mtumbuka_wa_ku_Luchenza:
Mzimba mwaitchuliranji apa? Kkkk. Koma n'zoona, ine nditafika kuno ndinkafunsa kuti mudzi uwu wathera pati, anthu n'kundilozera mtengo wa mapeyala.

Wa_ku_Machinga_Tsopano:
Ine ndine mmodzi mwa amene tinachoka ndi pulojekiti ya Kudzigulira Malo, ija inayamba mu 2004 n'kusamutsa mabanja a ku Mulanje ndi Thyolo kupita ku Machinga ndi Mangochi. Malo tinapeza, mahekitala awiri banja lililonse, chinthu chimene kwathu sitikanalota. Koma tinafika pamalo popanda sukulu pafupi, popanda chigayo, popanda manda athu. Munthu woyamba kumwalira m'gulu lathu tinachita kukagwada kwa mfumu ya eni dera kupempha pomuika. Anatipatsa, Mulungu awadalitse, koma manyazi a tsiku limenelo sindidzaiwala. Amene mukukamba zotsekera anzanu manda simunapemphepo manda. Ena a gulu lathu anabwerera kwawo, osati chifukwa cha njala, koma kusowa anansi owadziwa. Ine ndinatsala. Chimene ndimasowa kwambiri ndi kalongonda, kuno saphika bwino.

Anamalaya_a_Tchopa:
Kalongonda safuna wothamanga achimwene. Muwiritse, mutaye madzi, musende makoko, muwiritsenso, tsiku lonse nkhuni zikuyaka. Mukafupikitsa mudzaona denga likuzungulira.

Chiperoni265:
Alongo anga anaphikira alamu awo a ku Ntcheu kalongonda wosapsa, mkuluyo anagona pansi pa mtengo mpaka madzulo akuti amulodza.

Anamalaya_a_Tchopa:
A ku Machinga bwerani kwa Chonde mu Okutobala pa Mulhako, mudzadye weniweni. Mubwere ndi mpunga wa kwanuko tisinthane.

Kabaza_wa_pa_Limbuli:
Wabwino amachokera ku Milange, musanamizane. Ngakhale chimanga chimene mukudya midzi itatu yonseyo miyezi ya njala chimawoloka Muloza pa njinga zathu. Dziko la eni limatilola kudutsa, inu mudzi ndi mudzi mukukanizana.

Nachisale_Chitakale:
Si inu munayamba kunena kuti aike chipata?

Kabaza_wa_pa_Limbuli:
Ndinanena za chipata mayi, za manda sindinanene.

Mmisiri_wa_ku_Bangwe:
Tabwererani ku ulalo, chifukwa ndikuona ndalama za anthu zikupita m'madzi. Achimwene a Kumtunda, simenti musagule kaye. Mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje si ya mchenga ngati ya kuchigwa, imagubuduza miyala yaikulu ngati nyumba. Amene anaona za Phalombe mu 1991 kapena Freddy akudziwa chimene akuluakulu amati Napolo. Ndipo Freddy anakulitsa mitsinje yambiri, pamene panali ulalo wakale mwina si pabwinonso. Choyamba, yendani ndi akuluakulu a m'mudzi akulozereni pamene madzi anafika tsiku loipitsitsa, ulalo ukhale pamwamba pa pamenepo. Chachiwiri, funani pamene mtsinje wapanikizika ndipo mbali zonse pali thanthwe, ngakhale njira italikeko pang'ono. Mzati wa pakati pa mtsinje upeweni ngati n'kotheka, ndi umene umakola mitengo ndi zinyalala mpaka zonse kugwa. Chachitatu, m'mbali muike mabasiketi a waya odzaza miyala kuti madzi asadye kuseri kwa zipilala. Ndawonapo maulalo ambiri ali chiimire bwinobwino pakati, mtsinje utadutsa kumbali. Izi zimafuna munthu wa ku ofesi yoona zomangamanga ku khonsolo adzayeze. Komanso simenti ikagona m'nyumba ya chinyezi cha kwanuko miyezi iwiri imauma yokha. Ndipo dziwani kuti phazi limodzi la ulalowo lidzaponda dothi la a kutsidya. Popanda mfumu yawo kuvomera, mudzamanga theka.

Mwana_wa_Kumtunda:
Za phazi la kutsidyalo palibe anaziganizira mwa ife.

Wakutsidya_Weniweni:
Ife tinaziganizira kalekale, kkkk. Ndipo pamene pali thanthwe ndi padimba la azakhali anga.

Mayi_wa_VDC:
Ndimadikira kuti wina atchule njira yake koma palibe. Ulalo wolumikiza midzi si nkhani ya nyakwawa ndi nyakwawa. Midzi itatuyo ili pansi pa gulupu mmodzi, si choncho? Ndiye pali VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, mmene mudzi uliwonse uli ndi oimira ake. Nkhani ikalowa mmenemo imalembedwa, imapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa T/A, kenako ku khonsolo. Akagawa ntchito agulupu, nyakwawa ya kumunsi singanene kuti yatumidwa ndi mfumu ya eni, chifukwa agulupu ndi ake omwe. Inu a m'tauni vuto lanu ndi limeneli: mukasonkha ndalama pa WhatsApp mumaimbira foni amalume anu, amalume n'kuuza mfumu, mfumu n'kutuma mwana kwa anzake kuti Lachiwiri mubwere ndi ndowa. Anthu amene sanakhale nawo pokonza mukuwaitana pa kusenza pokha. Ngakhale ine ndikanakana. Chinanso, ndalama zanuzo zikalembedwa ku VDC ngati gawo la anthu, pempho lanu la CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, limakhala ndi mphamvu kuposa la amene angobwera manja lendelende.

Chiperoni265:
CDF? Mayi, ulalo umenewo adzawoloka ndi zidzukulu. Chaka cha chisankho adzabweretsa lole imodzi ya miyala, ajambulitse, basi.

Mayi_wa_VDC:
Zimachitika, sindikana. Koma kwathu tinalondola mpaka mlatho unamangidwa, chifukwa tinkapita ku ADC mwezi ndi mwezi ndi buku lathu m'manja. Amene amangotukwana pa foni sanamangitsepo ngakhale chimbudzi cha pasukulu.

Mlimi_wa_Tiyi_Lujeri:
Kuonjezera pa a VDC, ngati m'midzimo muli alimi a tiyi ang'onoang'ono, funsaninso ku bungwe lawo. Ife a Sukambizi, amene timagulitsa masamba ku Lujeri, ndalama za Fairtrade, zoonjezera zimene ogula tiyi amapereka kuti zitukule alimi, zathandizapo pa milatho ndi midadada ya sukulu m'madera mwathu. Koma nawonso amayang'ana chinthu chothandiza midzi ingapo, osati mudzi umodzi umene uli pa mkangano ndi anansi ake. Pitaninso kwa Bondo mukaone magetsi a MEGA ochokera mumtsinje wa Lichenya. Mawaya aja adutsa midzi yambirimbiri, afika kuchipatala, kusukulu, m'zigayo. Akanati mfumu iliyonse iziti pholo ili lisadutse m'dera langa, bwenzi kukadali mdima.

Nesi_Wakumudzi:
Abambo mwalankhula zambiri za ufumu ndi ngongole za njerwa. Ine ndinene za amene amawoloka. Januwale mpaka Malichi, mtsinje ukadzaza, ana a kumtunda sapita kusukulu, ndipo ndi miyezi yomwe a Sitandade 8 akukonzekera mayeso. Sikelo ya ana imachitikira kutsidya, mlangizi wa zaumoyo sangawoloke ndi bokosi la katemera pamitengo yoterera. Mayi woyembekezera timamuuza kuti akadikirire kuchipatala mwezi wake ukakwana, koma amene ali ndi ana ena aang'ono kunyumba amazengereza, matenda n'kumuyamba usiku mvula ikugwa. Machila anthu anayi pa mitengo iwiri ya bulugama, munayesapo? Ndipo achimwene a Kutsidya, musanene kuti kumtunda mulibe nako ntchito. Nkhuni zimene akazi a kwanu amasenza m'mamawa amazitola kuti? Nsungwi, udzu wofolera, nanazi zimene mumapikula kukagulitsa pamsewu? Akagwera mumtsinje ndi mtolo pamutu sadzakhala mfumu yanu.

Wakutsidya_Weniweni:
Anesi, pamenepo ndilibe mawu. Mayi anga omwe amawoloka kawiri pa sabata. Koma mfundo yanga ikhalebe: pa msonkhano wa kwa agulupu pakambidwe zonse ziwiri, mchenga wa ulalo ndi njerwa za nyumba ya aphunzitsi imene tikufuna kuyamba chilimwe chino. A kumtunda akavomera nambala yawo ya njerwa pamaso pa anthu, ine ndemwe ndikalankhula ndi azakhali za dimba lija. Komanso ndalama zanuzo zisasungidwe ndi munthu mmodzi wa kwanu. Komiti ikhale ya midzi itatu, msungichuma akhale mayi.

Mlimi_wa_Thekerani:
Ndipo a kumunsi muwapatse udindo weniweni, kaya wapampando. Mudzaona mchenga ukufika tambala asanalire.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mukapita kwa agulupu musatume mwana kapena kuimba foni. Apite eni mbumba, atenge kenakake m'manja monga mwa mwambo, ndipo nkhani ya chipata ndi manda isatuluke pakamwa pa munthu. Ikafika kwa agulupu kudzera kwa ena, mudzayamba kulipira mbuzi musanakambe za ulalo.

Mwana_wa_Kumtunda:
Ndamva akuluakulu. Za manda ndawauza anyamata asiye. Za njerwa sindingalonjeze m'malo mwa mudzi, koma ndikazitula kwa amalume momwe zanenedwera pano, ndipo kumapeto kwa mwezi ndipita ndekha. Za makala ndiye tidzakambirana pamaso achimwene a Kutsidya, chifukwa pamenepo sindinagonje.

Wakutsidya_Weniweni:
Mudzandipeza pachigayo. Mubwere ndi mayina a owotcha, ine ndibwera ndi a ogula.

Kabaza_wa_pa_Limbuli:
Chonde amisiri, ulalowo ukhale wotakata kuti njinga yamoto yonyamula matumba awiri idutse osatsitsa katundu.

Mmisiri_wa_ku_Bangwe:
Kutakata kumadya zitsulo bambo, musonkha nawo? Achimwene a Kumtunda, mukafika munditumizire zithunzi za magombe onse awiri pathanthwe paja, wina aime pafupi kuti ndione msinkhu, ndipo muyeze ndi chingwe kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo.